Mpeni wa Tiyi pa Duwa la Lipenga

Mutu 4

1. Chomera chopanda ntchito

Pakhomo pa a Alufeyo, kumtunda kwa Mishoni ya Mulanje, chomera chilichonse chinali pa ntchito. Nthochi zinali pa ntchito, nandolo anali pa ntchito, ngakhale tsabola amene anamera yekha kuseri kwa bafa ankapereka msonkho wake m'ndiwo. Malo anali ochepa, monga zilili kwa aliyense wokhala pakati pa phiri ndi minda ya tiyi. Ukataya nthanga ya dzungu mosasamala, imakamera kwa aneba.

Tsono Isake, mwana wa mlongo wawo, atabzala kamtengo kake pafupi ndi khonde, pomwe panali dothi lakuda kuposa pena paliponse, a Alufeyo anangoyang'ana n'kumeza mawu. Anawameza chaka chathunthu. Chaka chachiwiri mawu aja anakana kutsika kukhosi.

"Isake, tabwera kuno," anaitana madzulo ena a mwezi wa Juni, atangotsika panjinga kuchokera ku esiteti ya tiyi. "Ichi ukuti n'chiyani?"

"Ndi duwa la lipenga, amalume."

"Chabwino. Nanga lipengalo lili kuti?"

Isake anayang'ana zala za kumapazi kwake. Pachitsambapo panali masamba okhaokha.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga," anatero a Alufeyo. "Ine sindidana ndi maluwa ayi. Koma malo ano ukuwaona wekha, ndi kachikhatho. Pamene paima chitsamba chakochi pakanakhala phata la nthochi, bwenzi chaka chino tikudya. Duwa lopanda duwa ndi udzu basi. Ndakupirira chifukwa cha mayi ako. Tsopano imva bwino. Mvula ya chizimalupsa sindiiwerenga. Koma tsiku limene idzagwe mvula yobzalira, chinthuchi chisanaonetse duwa ngakhale limodzi, ndidzachizula ndi khasu langa n'kuikapo nthochi. Usadzati sindinanene."

A Alufeyo sankabwereza mawu, ndipo sankawabweza.

Kamtengoko kanali ndi mbiri yake. Isake ndi amayi ake, a Estele, anafika pakhomopo namondwe atakokolola nyumba yawo ku Muloza, m'mbali mwa mtsinje. Madzi ataphwa, Isake anabwerera kukaona ngati panatsala kanthu. Anapeza miyala ndi mchenga, ndi tsinde lothyoka la mtengo wa maluwa umene amayi ake anaubzala pakhomo iye asanabadwe. Mtengowo unkabala maluwa oyera, aatali ngati mkono wa mwana, olendewera chozondoka ngati malipenga. Dzuwa likamalowa unkanunkhira mpaka akabaza ochokera kuchipata cha m'malire ankachepetsa liwiro podutsa. Isake anathyolako kamtengo n'kubwera nako m'thumba la shati.

Chifikireni kwa mlongo wawo, a Estele sankakhala pakhonde. Ankalima, kuphika, kupita ku Mvano, kenaka n'kulowa m'nyumba n'kutseka. Wina akawafunsa ankangoti, "Kuno ndife alendo. Sikununkhira kwathu." Isake, mnyamata wa Fomu 2, anamva mawu amenewo nawasunga. Anatsimikiza mtima kuti duwa lija likangomasula, amayi ake adzatulutsa mkeka pakhonde n'kuyambanso kuseka.

2. Nzeru za kumunda wa tiyi

Tisamunamizire ulesi Isake. Chitsamba chija ankachisamala kuposa nsapato zake za kusukulu. Vuto lake linali lakuti anabadwira m'banja la tiyi.

Agogo ake anathyola tiyi mpaka msana unapindika. Amayi ake anathyolapo tiyi asanakwatiwe. Amalume ake ndiye anali katswiri wodulira tiyi, ndipo mpeni wawo wokhota kunsonga unkakhala pamwamba pa chitseko, wokulungidwa m'kasaka. M'banja lotere mwana amakula akudziwa zinthu ziwiri: chomera chikatalika umachithyola nsonga, chikayamba chikasu umachithira feteleza.

Isake anachita zomwezo. Loweruka lililonse ankazungulira chitsamba chake n'kumathyola nsonga zanthete, timasamba tiwiri ndi kamphukira, monga amachitira amayi a kuesiteti. Feteleza wa yuleya akatsalira pansi pa thumba, ankakutumulira patsinde.

Chitsamba chinasangalala kwambiri. Chinafika m'chiuno, chosalala pamwamba ngati tebulo, masamba ake aakulu, obiriwira bii. Odutsa ankaima n'kufunsa ngati a Alufeyo ayamba kulima fodya pakhonde. Koma duwa, olo la mankhwala.

Atamva lamulo la amalume ake, Isake anakwiya ndi chitsambacho ngati munthu.

"Ukufuna chiyani kwenikweni?" anachifunsa. "Madzi ndikukupatsa. Feteleza ndikukupatsa. Ndikugulirenso sikono?"

Chitsamba chinangogwedeza masamba.

3. Kwa anesi a Doris

M'njira ya kusukulu munali nyumba ya njerwa zootcha, yokhala ndi mpanda wa nsungwi. Mwini wake anali a Doris, namwino wopuma pantchito, amene mudzi wonse unkangowatchula kuti anesi. Anali aafupi, a magalasi ochindikala, ndipo pakamwa pawo pankaluma ngati jakisoni. Pamwamba pa mpanda wawo pankasuzumira mtengo wa malipenga, wolemedwa ndi maluwa.

Isake anadutsa pamenepo kambirimbiri akuchita manyazi. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Tsiku lina pochokera kusukulu anaima pachipata n'kuodira.

"Ndiwe mwana wa Estele, eti?" anatero a Doris. "Lowa. Ukudwala chiyani?"

"Sindikudwala ine, anesi. Likudwala ndi duwa langa."

Anafotokoza zonse, za nsonga, za yuleya, za khasu la amalume. A Doris anamvetsera atagwira m'chiuno. Isake atamaliza, iwo anavula magalasi n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwana iwe, duwalo silikudwala. Matenda ake ndiwe. Khala apo umve.

"Choyamba, mtengo uwu ndi wadyera. Umafuna kudya kawirikawiri, osati kuukhutitsa tsiku limodzi n'kuuiwala. Koma si chakudya chilichonse. Yuleya ndi chakudya cha masamba. Ukauthira yuleya yekhayekha, umati, 'Oo, bwana akufuna masamba,' ndipo umakupatsa masamba mpaka utatopa. Pita ukapemphe manyowa a mbuzi kapena a nkhuku, owolerana bwino, osanunkha. Aawisi amawotcha mizu. Uziwakwirira mozungulira, osagunditsa tsinde, ndipo uzibwereza akamatha. Uziwazaponso kaphulusa ka pamoto, pang'ono, osati ngati ukukwirira mbatata. Madzi m'mawa ndi madzulo, makamaka kukatentha. Pansi uphimbepo ndi masamba ouma a nthochi kuti chinyontho chisathawe. Wamva?"

"Ndamva, anesi."

"Sunamve, sindinamalize. Bwera kuno."

Anamukokera kumtengo wawo n'kuloza ndi chala. Tsinde linakwera limodzi kuchokera pansi, kenaka pamwamba linagawikana pawiri.

"Ukuona apa? Pakuoneka ngati chiyani?"

"Ngati mphanda ya legeni."

"Eya. Chinsinsi chonse chili pamenepa. Mtengo uwu umayamba wakwera, wakwera, mpaka utakhwima. Ukakhwima umapanga wokha mphanda. Maluwa amayambira pamphandapo kupita m'mwamba. Pansi pa mphanda sipabadwa duwa, ngakhale utasala kudya sabata yathunthu. Tsono iwe Loweruka lililonse umathyola nsonga, ndiye kuti umaubwezera ku Sitandade 1 nthawi zonse ukatsala pang'ono kulemba mayeso. Kuyambira lero manja ako akhale m'thumba. Usathyole, usadule, ngakhale utatalika monyansa bwanji. Udzakunyansa, ndikukuuziratu. Anthu adzakuseka. Iwe uziudyetsa n'kuusiya."

"Nanga zitenga nthawi yaitali bwanji, anesi? Amalume akuti mvula ikagwa..."

"Mtengo sudziwa amalume ako. Uli ndi kalendala yake. Ukayamba lero, mwina udzapambana mvula, mwina ayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Isake anapumira m'mwamba. Ankayembekezera mankhwala a m'botolo, osati mwambi.

"Chomaliza, ndipo ichi ndiye chachikulu," anapitiriza a Doris, mawu atatsika. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mtengo uwu ndi poizoni kuyambira muzu mpaka duwa. Ukaugwira, kasambe m'manja ndi sopo. Utomoni wake usakugwere m'maso. Mbuzi uziziingitsa, ndipo ana asamatole maluwa ake n'kumaika pakamwa kuti aimbe lipenga. Ndili pantchito ndinaonapo anyamata a msinkhu wakowu atabwera nawo omangidwa manja, akukangana ndi makoma, chifukwa mnzawo anawanamiza kuti alawe. Mmodzi sanabwerere kwawo ndi miyendo yake. Duwa ili ndi la maso ndi mphuno basi. Pita, ndikufuna kupuma."

4. Mzati pakhonde

Isake anamvera, ndipo kumvera kunamuwawa.

Manyowa anakawapempha kwa aneba oweta mbuzi, n'kuwasenza pamutu m'thumba lobooka. Anafika kunyumba tsitsi lili mbuu, fungo lake losauzika. Phulusa ankapala yekha kukhitchini. Masamba a nthochi anatola, amalume ake akumuyang'ana ndi diso la m'mbali.

Koma chozunza chenicheni chinali madzi. Mjigo unali kumunsi kwa chitunda, ndipo pamjigo ndi pabwalo la milandu la atsikana. Mnyamata wobwera ndi chigubu m'mawa ndi madzulo sangadutsepo mwamtendere.

"Abale, wafika mwamuna wa duwa!" ankakuwa Brenda, wa m'kalasi mwake. "Isake, akazi akowo amamwa madzi bwanji! Ukwati wake udzakhala liti?"

"Undisiye, Brenda."

"Koma adzabereka, kapena ungowadyetsa ulere?"

Atsikana onse ankaseka mpaka kugwetsa ndowa. Isake ankapopa mjigo mwamphamvu ngati ndi umene wamulakwira.

Loweruka linali tsiku la mayesero. Zala zinkamuyabwa akaona nsonga zanthete zitatumphuka pamwamba pa tebulo lake lija. Ankaika manja m'thumba monga anauzidwira, n'kuchokapo.

Chiperoni chinatha, mphepo ya Ogasiti inadutsa, kutentha kunayamba. Chitsamba chinasintha, koma osati mokondweretsa. Tebulo lija linasokonekera. Tsinde limodzi la pakati linasiya anzake n'kuyamba kuthamangira kumwamba. Linafika paphewa la Isake, linapitirira mutu wake, linakagunda udzu wa denga la khonde n'kupitirirabe. Linangokhala chimzati chowongoka, chovala masamba aakulu ngati mbale.

Isake ankakwera pachigubu n'kupatula masamba kufunafuna mphanda. Panalibe. Mawa lake ankakweranso. Panalibe. Tsiku lina chigubu chinapendekeka, iye n'kugwa chagada m'manyowa ake omwe, ndipo kuyambira pamenepo analeka kukwera.

Anapitanso kwa a Doris nkhope itakwinyika.

"Anesi, ndachita zonse. Wangotalika ngati nsungwi."

"Ukudya?"

"Ukudya kuposa ine."

"Ndiye ukudandaula chiyani? Bwerera ukathirire."

"Koma mitambo yayamba, anesi!"

"Mitambo si ntchito yako. Ntchito yako ndi chigubu."

Isake anatuluka pachipata akung'ung'udza. Mumtima mwake munadzaza mkwiyo, ndipo sankadziwa woukwiyira: anesi, amalume, Brenda, kapena mzati uja.

Chizimalupsa chinagwa kumapeto kwa Okutobala, n'kungonyowetsa fumbi. Madzulo ake a Alufeyo anabwera ndi mphukira ya nthochi pakaliyala ya njinga. Anangoiimika pamthunzi pafupi ndi khonde, n'kuiphimba mizu ndi chisaka chonyowa. Isake akatuluka m'nyumba m'mawa, chinthu choyamba kukumana nacho chinali nthochi ija, itaima ngati munthu wodikira kuti mnzake achoke pampando.

5. Funso la theka

Lachitatu lina madzulo a Alufeyo anakhala pakhonde akunola mpeni wawo wodulira tiyi. Nyengo yodulira inali itapita, koma iwo ankati chitsulo chosanoledwa chimaiwala mwini wake. Isake anakhala pambali akuyang'ana.

"Amalume, tiyi mukamudula amatani?"

A Alufeyo anamwetulira. Palibe chimene ankakonda kuposa kufunsidwa za ntchito yawo.

"Amadzuka, mwana iwe. Tiyi ukamulekerera amachita ulesi, amangotalika ngati wopanda nzeru. Koma ukamupatsa mpeni wakuthwa, kamodzi kokha, mopendeketsa kuti madzi asakhalepo, sachedwa. Pamene wadulapo pamatuluka nthambi."

"Zingati?"

"Ziwiri, mwina zitatu. Pamene panali imodzi pamakhala mphanda."

"Mphanda?" Isake anadzuka pang'ono.

"Eya, mphanda. Bwanji, ukufuna ntchito kuesiteti?"

"Ayi, ndimangofunsa."

Akanati anene chimene ankafunsira, nkhani ino ikanathera pomwepa. Koma Isake anafunsa funso la theka, nalandira yankho la theka, n'kukagona nalo.

Lachinayi kunacha kotentha modabwitsa. Pofika masana mitambo yakuda inali itaunjikana pamwamba pa phiri, ndipo kumbali ya Mozambiki kunkamveka kugunda. Aliyense m'njira ankanena chimodzimodzi: iyi ndiye yobzalira, ikapanda kugwa lero igwa mawa.

Isake anathamanga kuchokera kusukulu. Pakhomo panalibe munthu. Amalume anali kuntchito, amayi ake anali ku Mvano. Panali mzati uja, ndi nthochi ikudikira.

Anaima pansi pa mtengowo n'kuyang'ana m'mwamba. Masamba okhaokha.

"Miyezi yonseyi!" anakuwa. "Ndasenza ndowe za mbuzi, ndasekedwa pamjigo, ndagwa pachigubu! Mphanda imodzi yokha ikukukanika? Chabwino. Ngati sukufuna kuipanga, ndikupangira ndine. Amalume akaona nthambi zikuphuka, mwina andipatsa sabata zina."

Analowa m'nyumba n'kutambasula dzanja pamwamba pa chitseko. Akumasula kasaka kaja, mawu a anesi anamubwerera: usathyole, usadule. Anaima pakhomo kanthawi, mpeni uli m'manja. Kenaka kunagundanso, pafupi kuposa poyamba.

Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Isake anayeza m'chiuno, monga amayezera amalume ake, napendeketsa mpeni. Unali wakuthwa zedi. Kamodzi kokha, mzati uja unagwa chagada pabwalo, masamba ake n'kuwaza fumbi.

Anasalaza nthambi zotsalazo mpaka tebulo linabwerera. Kenaka anakasamba m'manja ndi sopo, poti langizo limenelo lokha analikumbukira. Pobwerera anayang'ana ntchito yake, ndipo kunena zoona, inali yooneka bwino. Kapitawo aliyense wa kuesiteti akanamuyamikira.

6. Chimene chinali pamwamba

Isake anamva kuseka kuchokera kunjira. Poyamba sanakuzindikire, chifukwa panali patapita nthawi yaitali asanakumve. Anali amayi ake.

A Estele ankatsika chitunda ndi a Doris, onse atavala zoyera ndi zakuda za Mvano. A Doris anali atawagwira dzanja, akuwakoka ngati mwana.

"Fulumira, Estele, mvula isatipeze," ankatero. "Ndikuti ndinaona ndi maso angawa popita kutchalitchi. Ukaima pamtunda paja umauona mtengowo kuchokera pamwamba. Mwana wakoyu wagwira ntchito. Isake! Bwera ndi mpando, amayi ako akwerepo aone!"

Anakhota pangodya ya nyumba, naima.

A Doris anayang'ana tebulo lobiriwira. Anayang'ana mpeni umene unali pakhonde. Kenaka anayenda pang'onopang'ono kutsata tsinde logwa lija mpaka kunsonga kwake, nawerama, napatula masamba.

"Bwera kuno," anatero, osakweza mawu.

Isake anabwera.

Kunsonga kwenikweni, kumene sankafikako ngakhale atakwera pachigubu, tsinde linali litagawikana pawiri. Pakati pa mphandapo pankalendewera kanthu kobiriwira, kosongoka ngati therere lanthete. Panthambi ziwirizo panali tina tating'ono, tambiri.

"Awa ndi maluwa," anatero a Doris. "Lalikululi likanamasula sabata yamawa."

"Sindinaone, anesi. Ndimafuna... ndimafuna ndipange mphanda."

"Mphanda ya mpeni si mphanda, mwana iwe. Zimene zituluke pachitsa pakopo ndi nthambi zosakhwima, ndipo iliyonse iyenera kuyambanso ulendo wonse. Ndinakuuza kuti udzakunyansa. Ndinakuuza kuti udzasekedwa. Zonsezo unapirira. Wasenza mtolo kuchokera kuphiri n'kudzautaya pakhomo. Ana inu mumaganiza kuti kudikira ndi kusachita kanthu, ndiye manja amakuyabwani. Kudikira ndi ntchito, ndipo ndi imene yakukanika lero."

Manyazi ndi chisoni zinamugwira Isake pamodzi, misozi n'kuyamba kutsika yokha.

Belu la njinga linalira. A Alufeyo anafika akupalasa mothamanga kuthawa mvula. Anatsika, naona chitsa, naona mpeni wawo, naona nkhope za anthu atatuwo.

"Wadula ndani?"

"Ndine, amalume. Munanena kuti mpeni umadzutsa mtengo."

A Alufeyo anagwira pakamwa.

"Kodi dzulo lija umafunsira duwa? Iwe Isake! Bwanji sunanene? Tiyi timamudula kuti atipatse masamba. Tiyi akayamba maluwa, kapitawo amatikalipira kuti talekerera munda. Moyo wanga wonse ntchito yanga ndi yoletsa mitengo kuchita maluwa, ndiye iwe ukatenge nzeru kwa ine?"

Dontho loyamba linagwa pamasamba ofota aja. Linatsatira lina, lalikulu, kenaka fungo la dothi linakwera ponseponse.

A Alufeyo anayang'ana kumwamba, kenaka anayang'ana nthochi yawo. Sanakondwe ayi. Ankaoneka ngati munthu wopambana mlandu umene sankafuna kupambana.

"Mawu ndinanena, ndipo iwe unamva," anatero motsitsa. "Chitsa ichi sichibala chaka chino. Mawa ndikumba."

A Estele anagwada pafupi ndi nsonga ija n'kukhudza kaduwa kosamasula kaja ndi nsonga ya chitenje. Kumwetulira kumene anatsika nako chitunda kunali kutachoka.

"Anesi," anafunsa, "nthambi iyi yafa?"

"Timaluwati tiyoyoka, palibe chotipulumutsa. Koma nthambiyo ili moyo. Ndipo nthambi ya pamwamba pa mphanda ikagwira pansi sichedwa kubala, chifukwa ndi yokhwima kale. Ingofunika dothi lonyowa isanafote."

Isake anapukuta misozi msanga.

"Amalume, kamalo kakang'ono kokha! Ngakhale kuseri kwa bafa!"

"Kuseri kwa bafa kuli tsabola ndi mpiru. Ndikupatse pati, mwanawe? Padenga?"

A Estele anatola mpeni uja pakhonde. Anadula nthambi ya mphanda ija bwinobwino, naikulunga m'chitenje ngati khanda, naimirira. Mvula inali itayamba kuwanyowetsa mapewa.

"Achimwene, kumbani dzenje la nthochi yanu, musavutike mumtima," anatero. "Mwatisunga mokwanira. Dothi lobzalapo nthambi iyi lilipo. Lili ku Muloza."

"Estele, wapenga?" anakuwa a Alufeyo. "M'mbali mwa mtsinje muja? Nyengo ya mvula ino?"

"Anthu ena anabwerera, akumanga. Ine ndimadikira kuti mwina kuno kudzanunkhira kwathu. Ndadikira mokwanira."

Isake anawagwira mkono.

"Amayi, ndibzalanso! Ndidikira, ndikulonjeza, sindidzagwiranso mpeni! Kapena tipitire limodzi!"

A Estele anamuyang'ana mwachifundo, namupukuta madzi a mvula pamphumi ndi chikhatho.

"Iwe utsala ndi amalume ako, uli ndi sukulu," anatero. "Mawa m'mawa udzandinyamulire chikwama pokakwera basi."

Analowa m'nyumba ndi nthambi yawo, natseka chitseko.